Kalipa Yakumanzere

Galimoto ya mpikisano anabwera nayo kugalaja chokoka, kutsogolo kuli phwanyuphwanyu. Makaniko anagwada, nachotsa tayala, ndipo vuto analiona pomwepo.

Kamlomo kotulutsira mpweya pa kalipa, chitsulo chopanira mabuleki, kanaloza pansi. Kamayenera kuloza m'mwamba, poti mpweya umakwera. Kakakhala pansi, upope bwanji, mpweya umatsalira m'kati, ndipo tsiku lowafuna mabulekiwo phazi limangomira. Kalipa yakumanzere inali kumanja, yakumanja kumanzere. Makanikoyo anamanga yekha dzulo lake, mpikisano usanachitike, mlamu wake akumufulumizitsa moseka: "Alamu, mukumanga galimoto kapena mukuisisita?"

Tsopano mlamuyo, yemwe ankayendetsa galimotoyo, anali gone kuchipatala, miyendo osaimva.

Mchemwali wake wa makanikoyo anaima pakhomo la galaja, mwana ali kumsana, nsapato imodzi ya mwamuna wake ili m'manja.

"Achimwene, akuti pokhota paja sanachepetse liwiro n'komwe. Ndinkamuuza ine kuti munthu wa ana sathamanga choncho. Makani basi."

Makaniko sanadzutse mutu. Sipanala inali pafupi ndi bondo lake. Kumasula mabawuti ochepa, kusinthanitsa makalipawo, palibe akanadziwa mpaka kalekale.

"Galimoto mumaidziwa ndinu," anatero mchemwaliyo. "Ingondiuzani kuti wolakwa ndi iyeyo, ndikamuzazire akatsitsimuka. Mwina mtima ungakhale pansi."

Makaniko anaiyang'ana sipanala ija nthawi yaitali, kenako anaikankhira kunsi kwa galimoto.

"Yamba wamutsitsa mwanayo, mchemwali," anatero. "Ubwere udzaone apa."