Sopo Wokanirira M'paipi

Panali munthu wina, mwamuna wa mayi wopanga sopo, amene anthu ankamutcha Injiniya chifukwa anakonzapo wailesi kamodzi. Nkhaniyi ndi yoona. Ine wokuuzanine ndaona zinthu zochuluka kuposa tsitsi la m'mutu mwanu, ndipo chibadwire sindinanamepo.

Mkazi wa Injiniya ankathira sopo m'mapaipi a pulasitiki, akauma n'kumudula mapisi ozungulira. Tsiku lina mayi wa malo ogona alendo anaitanitsa sopo wambiri. Anati, "Loweruka masana ndibwera. Ndikapeza kulibe, ndipita kwina, ndipo simudzandionanso."

Anali kasitomala wamkulu woyamba. Mwatsoka, mkazi wa Injiniya anaitanidwa kukadwazika mayi ake. Ali pakhomo anati, "Bambo a mwana, musanathire sopo, muyale pepala la pulasitiki m'kati mwa paipi, lituluke kunja pang'ono. Akauma mungokoka pepalalo, sopo atsatira yekha."

"Mukuphunzitsa ine? Pitani bwino, mukawapatse moni apongozi."

Injiniya anaona kuti zoyalayalazo n'zotayitsa nthawi. Anasankha paipi yaikulu ngati ntchafu ya njovu, n'kuthiramo sopo yense.

Loweruka m'mawa anapendeketsa paipi. Zii. Anagogoda. Zii. Anaimenyetsa pansi mpaka khoma la aneba linang'aluka. Anakankha ndi mpini, mpini unathyoka. Sopo anangoti gwaa ngati anabadwira momwemo.

Foni inalira. Anali mkazi wake. "Watuluka bwino?"

"Akuchita kuthamanga yekha," anatero Injiniya, thukuta likufika m'nsapato.

Dzuwa linali litakwera. Anasenza paipi kupita kwa wamatayala wa pamsewu wawo, koma anapeza mwiniwake watuluka. Pabenchi panali bambo wina wachilendo, akutokosa m'mano.

"Madala, vuto lake ndi limeneli?" anatero mlendoyo. "Mpweya umanyamula lole yodzaza simenti. Ndiye ungalephere sopo?"

"Munachitapo, achimwene?"

"Ine? Kambirimbiri!"

Mlendoyo anatseka mbali imodzi ya paipi, kulowetsamo chingwe cha mpweya, kukulunga ndi mphira, n'kuyatsa makina opopera matayala. Paipi inayamba kulira ngati mbuzi. Inatupa ngati nsato yomeza gwape.

"Basi, achimwene, zimitsani!"

"Pang'ono pokha, madala. Akuganiza kaye."

Sopo sanasunthe. Foni inaliranso. Anali mayi wa malo ogona alendo uja. "Ndalowa mumsewu wanu. Si inu mwaima apo ndi chipaipi?"

Mtima wa Injiniya unagunda mpaka mabatani a malaya anathothoka. Anawerama, n'kuika diso pakamwa pa paipi kuti aone chimene chatsekereza.

M'katimo munamveka kuti tswii.

Anangotembenuza mutu pang'ono. PHUU!

Ndikukuuzani, nkhuku za m'dera lonselo zinasiya kuikira. Chisopo chotalika ngati munthu chinatuluka, chinadula nsonga ya khutu la Injiniya, chinaoloka msewu, chinaswa galasi lakutsogolo la galimoto ya mayi uja, n'kukhala pampando ngati chalipira ulendo.

Anthu onse anali chigonere pansi. Mlendo uja anasiya nsapato zokha.

Mayiyo anatuluka, magalasi ali m'tsitsi. Anayang'ana sopo, anayang'ana Injiniya atagwira khutu.

"Sopo wanga ndi ameneyu?"

"Eya amayi. Kwangotsala kudula."

Mayiyo anakokera chisopocho pansi, n'kubweza galimoto chafutambuyo, osatembenuka n'komwe. Mpaka lero sanapondenso mumsewu umenewo, ndipo mkazi wa Injiniya akugulitsa sopo wake mmodzimmodzi pakhonde.

Phunziro: Mwini ntchito akakuuza kuti yala pulasitiki, yala pulasitiki. Ukalakwitsa, ulula msanga kwa amene akudziwa, osathamangira nzeru za munthu wa pabenchi. Ndipo chinthu chikamalira, usaikepo diso. Tumizani kwa abale ndi anzanu, makamaka azibambo odziwa zonse, makutu awo akadali athunthu.