Thabwa Losakwana M'khwapa

A Tokuji atangolipanira m'khwapa thabwa lawo latsopano lokwerera mafunde, anadziwa kuti anamizidwa. Zala sizinafike m'mphepete mwake.

Mnzawo Genpei, amene wakhala akuwasemera matabwa kuyambira paunyamata, anali atalembapo ndi pensulo dzina lawo ndi miyeso yakale yomwe ija. Koma thabwalo linali lotambalala, lonenepa ngati la ophunzira kumene.

"Iwe Genpei, ndinakutuma bwato ine?"

"Miyeso ndi yomweyo, aise. Werenga wekha."

"Ndiye kuti mkono wangawu wafupika?"

Genpei anangoyang'ana kunyanja. Chilimwe chonse pagombe la Hyuga ankawaona a Tokuji akugwa asanaimirire n'komwe pathabwa, achinyamata n'kumawasiyira mafunde mwaulemu ngati mmene amasiyira okalamba mpando wa m'sitima.

A Tokuji analowa m'madzi akufunitsitsa kuti thabwalo liwakanike, akaliponye pamapazi pa Genpei. Koma kafunde koyamba komwe kanawanyamula mosamala, ngati mmene amadzutsira wodwala. Anaimirira osapepesuka mpaka kumchenga.

Genpei anawomba m'manja.

"Usadzandisemerenso thabwa iwe," anatero a Tokuji, atalikumbatira ndi manja onse awiri.