Thabwa Lachitatu

Nyumba yakale ija inapulumuka. Ena ankafuna kuigwetsa kuti amangepo masitolo, koma ine ndi alamu anga tinaikonza chaka chathunthu, iwo kupenta, ine kukhoma matabwa. Tsopano inali yosungiramo zinthu zakale, ndipo mawa lake inkatsegulidwa.

Dzuwa litangolowa ndinakumbukira kuti ndasiya hamala m'chipinda chapamwamba. Tinabwerera tikuseka.

"Alamu, tsiku lina mudzaiwala mutu," iwo anatero akutsegula chitseko.

Pamwamba pankamveka mapazi. Anthu ankavina, ambiri ndithu, m'chipinda chomwe pansi pake panali patawola kwa zaka makumi anayi. Wina anaseka, wina anawomba m'manja. Alamu anayamba kugwedeza mapewa osadziwa, inenso mtima unadzaza chimwemwe: matabwa anga anali olimba!

Mwadzidzidzi kuvina kunaleka.

"Amisiri!" mayi wina anaitana mumdima, mwansangala ngati wondidziwa kalekale. "Mwagwira ntchito, zikomo. Koma thabwa lachitatu likulirabe. Kwerani mudzalione."

Alamu anandiyang'ana. Makiyi onse a nyumbayo anali m'manja mwawo.

Sindinakwere. Kenako masitepe anayamba kulira, imodziimodzi, kutsika kudza kwa ife.