Khoma la Kuseri kwa Siteshoni

Tsuneo atatuluka m'chipatala anapeza mashelefu ake ali pululu.

"Fusae, magazini anga a tisitima aja ali kuti?"

Mkazi wakeyo anayang'ana pansi. "Ndinapereka kwa agalimoto yotolera mapepala akale. Adokotala anati fumbi ndi limene likukutherani chifuwa, bambo."

"Ndiye anakupatsani chiyani?"

Fusae analoza mipukutu iwiri ya mapepala a kuchimbudzi.

Pathebulo, kanjanji ka tisitima toseweretsa kanazungulira timapiri tapulasitala n'kukathera pa kasiteshoni ka makoma atatu. Tsuneo ankamanga siteshoni ya kwawo, imene inamira limodzi ndi mudzi wonse boma litamanga damu. Chithunzi cha kuseri kwake chinali m'magazini imodzi yokha, ndipo tsambalo anali atalipinda.

Sanakalipe. Anatola kathabwa n'kupaka guluu.

"Paja inu munkandidikirira kuseri komweko, pothawa maso a bambo anu. Panali chitseko kapena zenera?"

Fusae anatsinzina.

"Chitseko," anatero. "Ayi... tadikirani kaye."

Tsuneo anadikira mpaka guluu anauma pakathabwapo.