Oda ya Mawa

Nkhani iyi ndinaitola podikira basi, kwa mayi wina wogulitsa zipangizo zomangira.

Mushopu mwake anali ndi pulogalamu ya pakompyuta yolosera zimene anthu agule mawa, ndipo sinkaphonya. Tsiku lina kutada, anabwerera kukatenga mankhwala a amuna ake amene anaiwala pakauntala. Anapeza kompyuta yayaka yokha, italemba kuti: "Mawa: matabwa asanu ndi limodzi, misomali, zogwirira zinayi."

Zimenezo n'za bokosi la maliro.

Anaitana mlonda. "Achimwene, munalowa munthu muno?"

"Abambo okha, mayi. Angotuluka kumene. Anagona pathabwa kudziyeza, eti musadzavutike mawa."

Amuna akewo anali asanadzuke pabedi kwa miyezi iwiri.

M'chikwama mwake foni inayamba kulira.