Telefoni Inapita ku Nsadzo

Feliciana atayatsa komputadori m'mawawo, anapeza mauthenga onse a WhatsApp atachoka. Panangotsala kabokosi ka timadontho takuda, ndi mawu a Chipwitikizi omuuza kuti akajambule ndi telefoni ya mwini nambala.

Mwini nambalayo anali Leonel, mwamuna wake, ndipo anali kumanda.

Leonel ndiye anaika pulogalamu ya Linux m'komputadori yakaleyi, nailumikiza ndi telefoni yake kuti oyendetsa magalimoto odutsa pa malire a Cassacatiza azitumiza mapepala a katundu. Chiikireni maliro, Feliciana ankawayankhira pomwepo, ndipo ntchito ikachepa ankamvetsera mawu amene malemuyo ankajambulira makasitomala. Koma pogawa zovala za malemu, telefoniyo inagwera mlamu wa Feliciana, amene anapita nayo kumudzi ku Nsadzo nakaitsekera m'sutikesi. Telefoni ikakhalitsa chizimire, komputadori imadzitsekera yokha. Palibe amene anauzapo Feliciana zimenezi.

Woyendetsa galimoto wina anasuzumira pakhomo, fumbi lili mbuu m'tsitsi.

"Mayi, mapepala aja ndatumiza kalekale. Galimoto yaima padzuwa, tomato akuwola."

"Ndamva, bambo. Khalani pampandopo."

Feliciana anatulutsa telefoni yake, nailozetsa pa kabokosi kaja. Komputadori inatseguka, koma mauthenga anali ake a iye mwini. Dzina la Leonel linali pamwamba, pomwe iye analikhomerera kalekale, ndipo pansi pake panali funso limene anamutumizira tsiku limene Leonel anafa pa ngozi: "Mwafika pati?"

Analiyang'ana osaphethira. Kenaka anatembenukira kwa bambo uja.

"Tumizaninso," anatero. "Nambala yasintha."