Mbewu Zozondoka

Lamulo la masiku ano ndi losavuta: mpopi wa madzi akumwa umatsegukira banja lokhalo limene mitengo yake yaphuka m'matope a kugombe. Mitengo ikafa, mpopi umauma.

Mmawa, madzi a m'nyanja atabwerera, Nachanza ankabzala mzere wake. Chapafupi panali a Likongwe, aja anagwetsa nkhalango yonse ya m'matopemo kuti akumbe madamu oweteramo nkhanu. Nkhalango itatha, mafunde analowa m'mudzi n'kukokolola mwamuna wa Nachanza. Tsopano malonda a nkhanu anagwa, ndipo a Likongwe anali m'damu lina lakale, m'matope olekeza m'mawondo, akuzika mbewu zazitali za mitengoyo mozondotsa, kotulukira mizu kutaloza kumwamba.

"Achemwali, auzeni," ananong'ona Ulemu, mng'ono wake wa Nachanza. "Kwawo mpopi unauma kale."

Nachanza anazika mbewu ina n'kupondera matope ndi chidendene.

"Mlamu wako anapita kwa amenewa katatu kukawachenjeza za mafunde. Katatu konse anamubweza pageti."

"Ndiye simuwauza?"

"Ndiwauza ndithu," anatero Nachanza, osadzutsa mutu. "Ayambe amaliza kaye damu lonseli."